Njinga imene ndinaisunga mopitirira muyezo

Lachisanu loyamba la mwezi wa Ogasiti, 6 koloko m'mawa itangokwana, foni yanga inalira ndili pakhonde ndikumanga zingwe za nsapato. Anali mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Joni. Sanachedwe ndi moni.

"Achimwene, kumapeto kwa mwezi uno ndikubwera. Njinga ili bwanji?"

"Ili bwino."

"Mawa sindilowa ntchito, ndipita m'tauni. Ndikuimbirani m'mawa, muilize ndimve pafoni, ndidziwe ngati pali choti ndigule. Zipangizo za njinga imeneyo kumeneko simungazipeze."

Ndinati chabwino. Atadula foni ndinamasulanso zingwe zija, n'kutumiza uthenga kuchigayo kumene ndimagwira ntchito kuti tsiku limenelo sindibwera.

Njingayo ndi yamoto, yofiira. Anabwera nayo patchuthi zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo pobwerera anaisiya kwa ine chifukwa pabanja pathu ndimadziwika kuti ndine wosamala. Ambulera imene ndinagula chaka cholemba mayeso a Fomu 4 ikadalipo. Anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, kenako anandipempha chinthu chimodzi chokha: ndiziiliza kamodzi pasabata ndi kuyenda nayo pang'ono.

Ine ndinaganiza zanga. Kuchigayo ndaona kuti lamba amatha akamazungulira, ndipo nyundo zimalala zikamagaya. Chinthu chimatha ndi ntchito. Ndiye ndinaona kuti kusamala kwenikweni n'kusaikhudza. Ndinaitsuka, ndinapaka oyilo tcheni, ndinaiimika panjerwa m'chipinda chimene timasungamo nandolo, n'kuifunditsa bulangete. Kwathu kuno kuli mavu aja amamanga zisa ndi matope. Amamata bowo lililonse limene alipeza, ngakhale la loko wa pachitseko. Choncho ndinatseka mabowo. Kupaipi yotulutsa utsi ndinaikako chitsononkho, kolowera mpweya chiguduli, ndipo timapaipi ting'onoting'ono ndinatimata ndi sera ya kandulo. Ndinalemba m'kope: mabowo asanu ndi limodzi, lililonse ndi malo ake.

Mwezi ndi mwezi mng'ono wanga ankafunsa, ine n'kumayankha kuti ili bwino. Sindinkaona ngati bodza. Ndikavundukula bulangete inkawala. Koma sindinamuuzepo kuti chichokereni iye, injini ija sinalirepo ngakhale kamodzi.

Ndikuitulutsa panja, akazi anga anali akunyamula sipuleya yopoperera tomato kuti azipita kudimba. Anaima pakhomo.

"Lero namwali akutuluka m'tsimba?"

"Mwini wake akubwera."

"Ndiye mumuuza kuti zaka zonsezi anali kulangizidwa?"

Ndinatsegula kope, ndinachotsa zotsekera zonse zisanu ndi chimodzi, ndikuchonga chilichonse ndi pensulo. Ndinapopa matayala. Ndinalowetsa kiyi n'kupotoza. Palibe chinayaka, palibe chinalira.

Pamsewu wa kumunsi kwathu, pansi pa mtengo wa mango, pamakhala bambo wina wachikulire amene amakonza njinga zakapalasa ndi zamoto za anyamata a kabaza. Ndi Msilamu, kapewa koyera sikachoka kumutu kwake, ndipo tonse timangomutchula kuti amisiri. Ndinakawatenga. Anabwera pa njinga yawo yamoto yakale, chikwama cha masipanala chili pamsana. Anaizungulira ya mng'ono wanga kawiri, anagwada, anasuzumira mbali iyi ndi mbali inayo.

"Aneba, ndikudziwa kuti ndinu osamala. Koma kabureta munachita kuichotsa n'kuiika m'sutikesi?"

"Ilibe."

"Ilibe bwanji?"

Mng'ono wanga anandisiyira kabuku ka njingayo, ka Chingelezi. Ndinali nditakawerenga kangapo madzulo a Lamulungu, monga mmene ena amawerengera nyuzipepala. Ndinawafotokozera kuti mkati mwa thanki muli kapampu koyendera batire, kamene kamakankha petulo mpaka pa kamlomo kotchedwa injekita, ndipo kamlomoko kamamuwaza mu injini.

Amisiri anapukusa mutu. "Nkhuku yopanda nthutumba. Chabwino, tiyeni tiikankhe. Palibe njinga imene imakana mtsetse."

Njira yochokera kwathu imatsetsereka mpaka pamjigo. Iwo anakwera, ine ndinakankha. Tayala la kumbuyo linakhukhuluza fumbi, injini inangoti bububu ngati ng'ombe yokana kudzuka, tinakaima pakati pa amayi ndi ndowa zawo. Tinaikweza, tinatsetserekanso. Ulendo wachitatu mayi wina amene ndimapemphera naye anasiya kupopa madzi.

"Abambo, ku Joni kuja amaikankha chonchi mpaka kuntchito?"

Titaikweza komaliza ndinakhala pansi n'kutsegula kabuku kaja. Zinali zolembedwa poyera, kungoti ndinachita manyazi kutsutsa munthu wamkulu. Popanda moto wa batire pampu sizungulira, ndipo pampu ikapanda kuzungulira petulo safika kulikonse, kaya muikankhe mpaka ku Milepa. Batire ija inali itafa kalekale pansi pa bulangete.

"Mukanandiuza tisanatuluke thukuta," anatero amisiri. Koma sanakwiye. Anamasula batire ya njinga yawo n'kuiika pa yathu.

Nditapotoza kiyi, tinyali ta kutsogolo tinayaka. Ndinawagwira dzanja kuti asadine sitata. Kabuku kankati munthu ayambe wamvetsera: pampu iyenera kulira pang'ono yokha, kenako n'kusiya. Tinatsamiritsa makutu pathanki, iwo mbali iyi ine mbali inayo, zipewa zitatsala pang'ono kugundana. Munali zii.

Fyuzi inali yabwino. Nditatsegula thanki, fungo limene linatuluka silinali la petulo. Linali ngati la penti yakale yotsalira m'chitini. Tinakhuthulira m'beseni, ndipo mtundu wake unali wa tiyi wopanda mkaka.

"Ameneyu ndi wa liti?"

"Ndi amene anasiya mwini wake."

Amisiri anawerenga zaka ndi zala, koma sanatchule nambala. "Aneba, ngakhale thobwa salisunga chonchi."

Tinachotsa mpando, tinazula mapaipi ndi mawaya a pansi pa thanki, tinaigoneka pachiguduli, n'kutulutsa kapampu kaja. Kumunsi kwake kuli kasefa ngati kathumba. Kanali katamatidwa ndi zinthu zofiirira zonanda ngati ulimbo. Amisiri anali ndi petulo watsopano m'chigubu, ndipo ndinakatsuka ndi mswachi wakale mpaka kuwala kunayamba kudutsa. Titalumikiza pampu ku batire inakanabe. Iwo anatenga sikuludiraiva, n'kuigogoda kawiri ndi chigwiriro, pang'onopang'ono ngati munthu wofika pakhomo la apongozi. Inayamba kulira ngati udzudzu.

"Zimenezo m'kabuku mwanu zilimo?"

"Mulibe."

"Lembanimo."

Pa injekita ndi pamene tinatsutsana. Iwo anasolola kawaya kamene amatokosera makabureta. Ine ndinati ayi, timabowo take n'tating'ono kuposa kawayako, tikakula basi tawononga. Anandipatsa n'kukhala pambali manja atapinda, ngati mlendo amene sanafunsidwe maganizo. Ndinaiviika mu petulo, ndinaipukuta, tinabwezera zonse m'malo mwake. Petulo wotsala ndinamusefa ndi kansalu, ndipo thanki ndinaidzaza mpaka pakamwa, kuti pasakhale chokayikitsa.

Cha m'ma 11 koloko inalira. Inayamba ndi kutsokomola, inatulutsa utsi wonunkha, inazima nditangosiya kupotoza mafuta. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inagwira, ndipo patapita kanthawi inakhazikika yokha, kulira kosalala kumene ndinali nditakuiwala. Nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Amisiri anapukuta manja.

"Tiyeni tikaiyese. Muyendetse ndinu, ine ndili ndi zidzukulu."

Tinalowa msewu wafumbi wopita ku Nguludi, ine kutsogolo iwo kumbuyo. Inkayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kukonza mawu okauza mng'ono wanga. Titadutsa kamsika ndi kuwoloka mlatho, inayamba kugwedezeka. Ndikapotoza mafuta inkachita ngati ikuganiza kaye. Mphamvu inachepa, inachepa, mpaka inazima pafupi ndi munda wa nandolo.

Ndinadina sitata, injini inazungulira koma osagwira.

"Petulo watha," anatero amisiri.

"Ndadzaza ndekha."

"Tsegulani tione. Mwina ikudontha."

Ndinatsegula. Petulo anali tho. Ndinatseka, ndinadinanso, ndipo inalira ngati sinalakwepo kanthu.

Tinapitirira. Titayenda mtunda wonga womwewo inachitanso zomwezo. Amisiri anakayikirabe petulo, ndinatsegulanso, tinasuzumira tonse, ndinatseka, inalira.

"Ndaidziwa," anatero. "Koyilo yopereka moto ku injini ikutentha. Ikapuma pang'ono imazizira, ndiye imayaka. Kapena yangozolowera kugona. Munthu amene wagona zaka zitatu simungamuthamangitse tsiku loyamba."

Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo linali Lachisanu. Anandipempha ndiwasiye pamzikiti wa pafupi ndi kamsika kaja, anati abwera masana kudzatenga njinga yawo. Ndinatsala ndekha.

Pobwerera inazimanso, chitunda cha kwathu chikuonekera. Ulendo uno sindinavutike n'kutsegula thanki, popeza ndinali nditaona kawiri kuti petulo alimo. Ndinaikankhira pamthunzi kuti koyilo izizire monga ananenera amisiri. Ndinadikira mphindi khumi, ndinayesa, inakana. Ndinadikira theka la ola, mpaka injini ndinkaigwira ndi dzanja osapsa. Inakanabe. Ndinaikankha mpaka kunyumba, kudzera njira ya kuseri yosadutsa pamjigo.

Ndinakhala pakhonde ndikuiyang'ana. Ndinayamba kuganiza zinthu zimene sindikondwera nazo. Njingayo ikangoyaka inkalira bwino kwa mphindi zingapo, ndipo foni ya ku Joni sichedwa. Ndikanapeza njira yoiyatsira m'mawa, mng'ono wanga akanamva kulira kosalala, n'kunena kuti zikomo achimwene, osagula kanthu. Akanadzadziwa zoona mwezi ukutha, ali pakati pa msewu, zipangizo atazisiya kutali. Ndipo akanadziwanso kuti mawu anga a zaka zitatu anali otani.

Akazi anga anabwera kuchokera kudimba, anatula sipuleya, anasamba m'manja.

"Namwali wavina?"

"Wavina pang'ono n'kukomoka."

Anakhala pamkeka n'kuyamba kusola nandolo wouma. Ine sindikonda kulankhula zambiri, koma tsiku limenelo ndinafotokoza zonse mwadongosolo, mwina kuti ndidzimve ndekha. Batire tasintha. Petulo ndi watsopano. Sefa ndi yoyera, pampu ikulira. Imayenda, imazima, kawiri yayakanso, kachitatu yakana ngakhale itazizira.

"Kawiri kamene inayakako munaichita chiyani?"

"Palibe. Tinangoona ngati petulo alimo."

"Kachitatu?"

"Sindinaone. Ndinkadziwa kuti alimo." Ndinanyamuka kuti ndiwaonetse. Nditapotoza kiyi pachitsekerero cha thanki, chinalimba pang'ono, kenako chinatseguka ndi kaphokoso, fyuu, ngati munthu wokoka mpweya ndi mano. Kumsewu kuja mphepo ya Ogasiti ndi mawu a amisiri zinkatiphimba makutu.

Akazi anga anasiya nandolo. "Iyatseni."

Ndinadina. Inalira.

"Sipuleya yangayi imatero," anatero. "Pachivindikiro pali kabowo. Kakatsekeka ndi mankhwala, ndimapopa pang'ono, chigubu chimafwanyikira mkati, madzi n'kusiya kutuluka. Ndikatsegula chimapuma choncho. Ndimangotokosa ndi munga."

"Njinga ya ku Joni si sipuleya ya tomato."

"Inde, bambo. Sipuleya imagwira ntchito."

Ndinazimitsa injini n'kuganiza. Petulo akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kulephera. Ndipo ine, podzaza mpaka pakamwa, ndinali nditasiya malo ochepa kwambiri a mpweya, n'chifukwa chake sinkachedwa kuzima. Ndinachotsanso mpando. Pansi pa thanki panali kapaipi kowonda kamene m'mawa tinakazula ndi kukabwezera osakafunsa ntchito yake. Ndinakatsatira ndi chala, kanatsika kuseri kwa injini, kanakathera pansi penipeni pafupi ndi tayala la kumbuyo. Ndinagona chagada pafumbi. Kumapeto kwake kunali koyera ndi sera.

Ndinatenga kope. Mabowo asanu ndi limodzi, onse ochongedwa. Kameneka munalibe.

"Wina anaikhudza njingayi," ndinatero.

"Ee, anaikhudza," anatero akazi anga. "LinaliLamulungu lina titangochokera kutchalitchi. Anaona mavu akuzungulira pakhomo la chipinda, analowa ndi kandulo jekete asanavule. Ndinamufunsa kuti kope lili kuti, anati alemba akadya."

Ndinakumbukira jekete, ndinakumbukira kandulo. Zimene tinadya tsikulo sindikuzikumbukira, koma ziyenera kuti zinali zabwino.

Ndinachotsa sera ndi sipoko ya njinga yakapalasa, ndinazula kapaipi kumtunda, ndinauzira ndi pakamwa mpaka mpweya unatulukira kumunsi n'kuulutsa fumbi. Ndikubwezera mpando, amisiri anafika. Ndinawafotokozera mwachidule. Anapempha kuona sera ija, anaiika pachikhatho, anaitembenuza ndi chala.

"Ndiye wapeza ndani?"

Ndinaloza ndi mutu kumkeka.

"Mayi, mawa mukakhale pansi pa mango paja. Ine ndikathirira tomato."

"Mungandiphere mbewu, amisiri. Mungayambe kufunafuna kabureta pa khasu."

Anaseka mpaka kapewa kanapendekeka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Aneba, m'moyo wanga ndakonza njinga zogwa m'ngalande, zogundidwa ndi minibasi, zothiridwa palafini. Yodwala chifukwa chokondedwa ndi yoyamba ino."

Tinaiyesanso. Tinadutsa kamsika, mlatho, munda wa nandolo uja, tinakafika pageti la chipatala ku Nguludi, tinatembenuka n'kubwerera osazima. Pachitunda inkachita kakugwedezeka pang'ono, ndipo amisiri anati sefa yotsuka si sefa yatsopano. Titafika anandionetsanso m'mbali mwa matayala. Anali ndi timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Matayala amene sanapondepo msewu zaka zitatu.

Dzuwa likupendeka anayamba kulongedza masipanala. Anayang'ana njinga yawo imene inali itatsamira mtengo tsiku lonse yopanda batire.

"Batire ikhale mpaka mawa," anatero motsitsa mawu, kuti akazi anga asamve. "Ine ndiyenda wapansi, si patali. M'bale wanu akaimba muilize, amve, mtima wake ukhale pansi. Zinazi mudzakambirana akabwera. Nkhani zina zimakoma pamaso."

Anali kundichitira chifundo, ndipo ndinawathokoza. Akazi anga ankapeta nandolo, koma lichero linali litasiya kulira.

Ndinapempha sipanala ya 10. Ndinamasula batire ija, ndinaipukuta, ndinakaimanga ndekha pa njinga yawo.

"Mwatsimikiza?"

"Ikalira mawa ndi batire yanu, iye sagula yake."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, anaponda njinga yawo n'kumapita.

M'mawa mwake sindinadikire kuti aimbe. Ndinatenga kope ndi batire yakufa ija, ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pamene netiweki imagwira bwino, n'kuimba ndine.

"Achimwene, mwandiyambirira. Ilizeni timve."

"Siilira lero. Khala pansi ndikuuze."

Ndinamuuza kuti sindinaiyatsepo chichokereni iye. Ndinamuuza za bulangete, za petulo, za pampu, za sera. Ndinati dzulo yayenda mpaka ku Nguludi ndi batire yobwereka, ndipo ikufunika batire, sefa ya pampu ndi matayala onse awiri. Ndinati ndinalakwa kumuyankha mwezi ndi mwezi kuti ili bwino.

Pafoni ndinkangomva magalimoto a kumeneko akudutsa.

"Zaka zitatu, achimwene."

"Zitatu."

"Ngakhale pa Khirisimasi?"

"Ngakhale pa Khirisimasi."

Anapumira m'mwamba. Sindinadziwe ngati akuseka kapena ayi, ndipo sindinafunse.

"Pabatirepo palembedwa nambala. Ndiwerengereni, ndili ndi cholembera."

Ndinaitembenuza kuti dzuwa liwale pa zilembo, ndinamuwerengera pang'onopang'ono, kawiri. Kenako ndinatsika pachulu, ndinapita pamene panali njinga, ndinagwada n'kumuwerengeranso manambala a matayala.